Nambala Filii: Mawa Musabwere

Mayi Luwiza, eni kanyumba kophikira masikono pa Kamwendo, anabwerako ku semina ya mabizinesi ang'onoang'ono ku Boma atanyamula pepala la malangizo, ndipo iwowa cholembedwa chilichonse amachitsata ngati malamulo a Mose. Tsoka linagwera a Goliati, wophika wawo yekhayo, amene anakhalapo tenanti pa esiteti ya fodya zaka khumi ndi ziwiri.

"A Goliati, siyani kaye kukanda fulawayo. Khalani pampando apa."

A Goliati anauyang'ana mpandowo mwamantha, manja ali mbuu. "Ndalakwanji, mayi?"

"Palibe. Nambala wani: wantchito azikhala pansi ndi bwana wake."

"Ku esiteti, kapitawo akakupatsa mpando, dzuwa lisanalowe umakhala utamanga katundu. Ndiima pompano."

"Chabwino, imani. Nambala thuu: muyamikireni. A Goliati, mwagwira ntchito yotamandika."

"Ee, amayamba choncho. Anzanga a Maliko ku esiteti anawauza mawu omwewo, lero akuotcha makala."

"Aa, tandimvetserani. Nambala filii: mupatseni tsiku lopuma. Mawa musabwere."

A Goliati anagwada pasimenti. "Mayi, ndili ndi ana asanu. Ngati ndi nkhani ya masikono anapserera Lachiwiri aja, nkhuni zinali zaziwisi."

"Anapserera? Nanga ine sindinawaone bwanji?"

"Ndinadya ndekha kuti musakhumudwe. Onse sate."

Mayi Luwiza anayang'ananso papepala. "Nambala folo: bwana asakalipe." Anapuma kawiri, koma mtima unakana. Pepala lija analiponya pansi. "Inu bambo inu! Masikono sate, m'mimba imodzi? Dzukani apo, moto ukuzima mu uvuni uko!"

A Goliati anadzuka akumwetulira, mtima uli m'malo. "Eya, mayi anga ndi amenewa. Munthu wochotsedwa ntchito samutuma ku uvuni."

Anasonkheza moto, kenako anatola pepala lija n'kumawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

"Kodi iyi munaidumpha? Nambala faifi: bwana nayenso azipuma."

"Imeneyo si yanu."

"Zalembedwa, mayi." Anakoka mpando, naupukuta bwinobwino ndi epuloni. "Khalani apa. Mwagwira ntchito yotamandika. Mawa musabwere."

Mayi Luwiza anabwerera m'mbuyo, atafumbata makiyi a pakhomo.

"A Goliati," anatero motsitsa mawu, "ndalakwanji?"