Madzi Obiriwira m'Botolo la Juwisi

Pa siteji ya basi, mayi wina anaona bambo amene anakhala naye pabenchi akungotembenuza makiyi a galimoto m'manja, bulangete lili pamwendo.

"Makiyi muli nawo, bambo, koma mukudikira basi?"

"Mtima ukukana kuyiyendetsa, mayi. Ndikupita kuchipatala. Apongozi anga agonekedwa, impso zasiya kugwira ntchito."

"Pepani. Ndi shuga?"

"Ayi, ndi ine. Loweruka ndimatsuka radiyeta ya galimotoyo pakhomo. Injini itazizira ndinakhetsa madzi akale oziziritsa injini, obiriwira aja, n'kutsukuluza, n'kuthira atsopano."

"Nanga akalewo munataya kuti?"

"Ndinaopa kutaya pansi, poti ndi poizoni ndipo agalu akananyambita. Ndiye ndinathira m'botolo la juwisi n'kuika pawindo la kukhitchini."

"Osalembapo kanthu?"

"Ndimati ndilemba ndikasamba m'manja. Apongoziwo maso anafooka kale, ndipo paja madziwo amatsekemera. Anamwa kapu yonse."

Mayiyo anayang'ana pansi. "Akazi anu akuti chiyani?"

"Sakundilankhula. Koma apongoziwo, dzulo atatsegula maso, anandifunsa ngati galimoto yasiya kutentha."

"Munawayankha kuti chiyani?"

"Ndinati yasiya."