Nyumba Ziwiri za Che Salimu Nasoro

Malemu anabadwa pa 14 Juni 1924 kuno ku Manjawira, achiwiri m'banja la ana asanu. Anaphunzira kumadarasa, kenako kusukulu yamishoni mpaka Sitandade 3. Mu 1947 anapita ku Halale, ndipo anabwerako mu 1953 ndi makina osokera. Mu 1954 anakwatira mayi Zuleka. Mu 1958 anamanga nyumba yawo yoyamba m'mbali mwa msewu, kutsogolo sitolo, kuseri kogona, monga timachitira tonse a malonda. Amuna ambiri muli panonu munakwatira mutavala buluku losoka iwo.

Mu 1976 kunabwera kalata yoti Che Salimu asankhidwa kulowa m'komiti yokonza malo a pamsika pano. Tinakondwa, mbuzi inafa. Malemu anatseka sitolo milungu itatu akuyenda ndi anthu oyeza malo, kuwagwirira chingwe, kuwalozera pomwe madzi amaima dzinja. Mapu anapita kwa akuluakulu. Pobwerera mu 1977, abale anga, m'mbali monse mwa msewu munali mutalembedwa kuti ndi mwa masitolo okhaokha, munthu asagonemo. Ogona onse asamukire tsidya lino la dambo.

Pamsonkhano malemu anafunsa kuti telala akapita kukagona kutali, nsalu za eni ake azisiyira ndani. Funso limodzi lokhalo! Mu 1978 analandira kalata yowathokoza chifukwa cha ntchito yabwino, ndipo pampando wawo panakhala munthu woti ngakhale lero mutamufunsa kumene kuli mjigo wa pamsika adzayamba wafunsa mnzake. Dzina sititchula, pano ndi pamaliro.

Lamulo malemu ankaliopa, ndipo khadi la chipani silinkachoka m'thumba mwawo. Mu 1979, ali ndi zaka 55, anagwetsa ndi manja awo zipinda zogona zakumsewu, naumba njerwa, namanga nyumba tasonkhanayi pa puloti imene komiti inawapatsa yokha. Mu 1982 kunasankhidwa komiti ina. Iyonso inabwera ndi nzeru zake: malo ano akuti ngoyenera msika wa ng'ombe, anthu akwere kuphiri. Ha! Munthu wamkulu aziumba njerwa kangati? Ng'ombe zinapatsidwa puloti ya munthu amene anayeza nawo malowo.

Malemu analemba makalata anayi, osayankhidwa. Anapita kuofesi katatu panjinga, ulendo uliwonse kumva kuti abwana ali kumsonkhano. Pa 1 Ogasiti chaka chino cha 1983 anapeza chikalata chitakhomedwa pachitseko, chowapatsa masiku 90 kuti achoke. Sabata yomweyo anagwa pakhonde, dzanja ndi mwendo wakumanja zitafa. Anagonekedwa kuchipatala milungu itatu, nabwerera kunyumba osatha kuyankhula, ndipo atisiya dzulo, pa 9 Sepitembala. Chala sitikuloza munthu, imfa ndi ya Mulungu. Koma mtima ukutipweteka, ndipo sitibisa.

Malemu asiya mayi Zuleka, ana atatu, Nuru, Sofia ndi Emma, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza a shehe ndi onse a kumzikiti, bambo Cosmas amene anatinyamulira wodwala pa lole yawo osalandira kanthu, ndiponso mayi Lufina ndi anzawo a kutchalitchi amene abwera ndi mpunga kuchokera kuchigwa.

Tikuthokozanso a komiti, takuonani mwafika, ndipo tikupempha kuti mumve bwino mawu awa. Pa chipembedzo chathu, mayi woferedwa amakhala eda m'nyumba ya mwamuna wake miyezi inayi ndi masiku khumi, osasamuka. Pa chikalata chija kwatsala masiku 50. Malemu anamvera lamulo moyo wawo wonse, mwaona nokha. Mayi Zuleka satuluka. Obwera ndi nyundo adzawapeza ali mkati, ndipo adzayambe agogoda.

Che Salimu Nasoro, Allah akukhululukireni, mukause mumtendere.