Kabawuti Kadzimbiri Kanandisungira Mwamuna

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kwa Mposa. Ndine mayi a Chisomo, ndipo ndinangotsala pang'ono kukhala wamasiye chifukwa cha madzi a pamjigo, omwewa timamwa tsiku ndi tsiku.

Amuna anga amawotcherera njinga pa Ntaja. Gasi wowotcherera atakwera mtengo, mng'ono wawo amene amaphunzitsa sayansi ku Balaka anawauza kuti magetsi a sola atha kugawa madzi n'kutulutsa mpweya woyaka wotchedwa haidrojeni. Ine ndinaseka mpaka misozi, ndinati madzi ozimitsira moto ayake bwanji? Koma amuna anga anapanga kachipangizo kawo m'chigubu, m'kanyumba ka kuseri, ndipo kalawi ndinakaona ndi maso angawa.

Vuto linali dzimbiri. Chitsulo chilichonse chomizidwa m'chigubumo chinkadyeka. Anayesa lata, anayesa khasu lakale, anandibera ngakhale masipuni anga a paukwati, koma zonse zinkatuluka zitabookabooka ngati tsamba lodyedwa ndi mbozi. Zitsulo zosadyeka za kumafakitale, mlamu anati mtengo wake si wa munthu wowotcherera njinga. Tinkagwada tonse n'kumapempha kuti Ambuye atipatse chinthu chotchipa chosachita dzimbiri.

Kenako anayesa timitengo takuda ta m'kati mwa mabatire a tochi, ndipo sitinadyeke. Tinaimba nyimbo, tinati pemphero layankhidwa.

Lachisanu lina masana ndikuchokera kudimba, ndinamva fungo ngati la mankhwala othira m'madzi nthawi ya kolera, koma loboola mphuno. Chitseko cha kanyumba kaja chinali chotseka, poti anansi anali atayamba kunong'ona kuti bamboyu akupanga zaufiti. Nditakankha, maso anandiwawa ngati andithira tsabola. Amuna anga anali gone pansi, thovu kukamwa, chifuwa chikulira ngati wenzulo.

"Abambo a Chisomo! Abambo a Chisomo!"

Ndinawakokera panja ndi miyendo n'kuthamangira kumsewu, koma kunali zii, akabaza onse ali kumzikiti. Pemphero lalitali linandithawa. Ndinangokuwa kuti, "Yesu, musandichite chonchi!"

Ndikukuwa choncho, kunatulukira njinga yamoto ya a Jafali, Msilamu amene tinkangopatsana naye moni panjira. Anali atavala kale mkanjo, akuthamangira mapemphero a Juma kumzikiti.

"Mayi, kwezani bambowa pakati, inu muwagwire kumbuyo," anatero. "Chimene chandichedwetsa Mulungu wachiona yekha."

Kuchipatala anawaika pa mpweya, ndipo adokotala anati akanakhalitsa pang'ono m'kanyumbamo tikanalira maliro.

Mlamu atafika kuchokera ku Balaka, analawa madzi a m'ndowa n'kulavula. "Alamu, madzi awa ndi amchere!" Ife a kufupi ndi nyanja ya Chilwa tinazolowera, mcherewo sitiumvanso. Anafotokoza kuti mchere ndi umene unkadya zitsulo zija, ndipo titaika timitengo tosadyeka, mchere womwewo unayamba kusanduka mpweya wa poizoni. Chimene tinkaimbira nyimbo ndi chimene chinkapha mwamuna wanga.

Kenako mlamu anafunsa, "Nanga anazimitsa makinawa ndani?"

"Iyayi, ine sindinakhudze chilichonse."

Anasuzumira pa chivundikiro cha chigubu n'kugwira pakamwa. Panali kabawuti kamodzi ka chitsulo wamba kogwira waya wa sola, kamene amuna anga ankakanyoza tsiku lililonse kuti akapeza kabwino adzakataya. Kanali katadyeka mpaka kuduka pakati, waya n'kugwa, makina n'kuzima okha munthu ali chigonere pansi. Ndinakhala pa dothi pomwepo n'kulira ngati mwana.

Lero amuna anga ali moyo, ngakhale kukazizira amatsokomolabe. Akuyesabe, koma panja, ndi madzi a mvula ndi soda, ndi zidutswa za sinki yakale zimene mpaka pano sizinadyeke, ndipo sayatsa popanda mlamu. A Jafali tsopano ndi m'bale wathu.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandimvere pa zonse zimene ndinkapempha. Inu amene mukuti pemphero lanu lachedwa, musafooke, pitirizani kugwada. Ine ndinkapempha kuti dzimbiri lichoke pakhomo panga, koma Iye analisiya pa kabawuti kamodzi, ndipo Chisomo akadali ndi bambo.