Madzi onunkha chinangwa

Pa siteji ya ku Kande, mayi wa dengu la usipa ankadikira minibasi pafupi ndi bambo wina wa fayilo m'khwapa.

"Jekete dzuwa lonseli, ada, ulendo wa kuti?"

"Kumsonkhano ku Chintheche, ama. Makomiti athu oteteza mitsinje awaphatikiza. Kale tinkakumana pansi pa mango kwathu kumtunda, lero mpaka kukwera galimoto."

"Achita bwino! Ife akumunsi tamwa madzi onunkha chinangwa zaka zisanu. Akumtunda amaviika mumtsinje momwemo, ana anga m'mimba osatha. Tikadandaula, akuti kumeneko n'kwa komiti ina."

"Mtsinje wake uti?"

"Wodutsa kuseri kwa tchalitchiwo."

"Aa! Wapampando wa kumtundako ndinali ine."

"Ndinu? Mulungu wandipatsa lero! Pano komiti ndi imodzi, mulibe kothawira. Mukanene kuti akumbe maenje oviikira kutali ndi mtsinje."

"Ndikayesa, ama."

"Zoyesa ayi. Usipawu ndikagulitsira pakhomo pa msonkhano wanuwo, ndimve ndi makutu anga."

"Chabwino, ndikanena. Komatu ufa wa kondowole wathuyo mumagula ndinu."

"Timagula, ndipo ngwokoma. Koma chinangwa tizidya, ada, osati kumwa."