Tayi Yofiira m'Makina Oboolera

Ine, Mayi Zipi monga amanditchulira makasitomala anga, wa zaka 46, telala, wokhala m'nyumba ya geti yobiriwira kuseri kwa sukulu ya mkaka, ndikupereka umboni pa mlandu wa mlongo wanga, dalaivala wa lole, amene ali m'chitokosi pomuganizira kuti anafuna kupha amuna anga powakanyanga pakhosi. Wodandaula ndi amuna angawo. Ine ndinalipo.

Amuna anga anapuma ntchito chaka chatha. Anali kalaliki pa kampani yogulitsa matayala. M'zaka zonse za banja lathu, chitsulo cholemera chimene ndinawaonapo atanyamula ndi ambulera. Babu ikapsa m'nyumba ndimakwera pampando ndine, iwo amagwira mpandowo n'kumapereka malangizo.

Atatopa ndi kuwerenga nyuzipepala imodzi m'mawa ndi madzulo, anandikhazika pansi n'kundiuza kuti akutsegula kampani ya zitsulo. Ndinafunsa kuti zitsulozo azizitani. Anati, "Amayi, dziko lonseli lagwirana ndi mabawuti, ndipo bawuti iliyonse imafuna bowo. Ine ndizigulitsa mabowo."

Mwezi watha, Loweruka m'mawa, tinapita kwa wogulitsa zitsulo zakale kuseri kwa msika. Ananditenga kuti ndikaone mmene anthu ophunzira amagulira katundu. Makina oboolera tinawapeza atatsamira khoma, pakati pa bedi lothyoka ndi firiji yopanda chitseko. Ndi aatali ngati munthu: mwendo umodzi wachitsulo, kathebulo pakati, pamwamba mutu wokhala ndi mota ndi lamba. Ukakoka chogwirira cha m'mbali, kachitsulo koboolera kamatsika kakuzungulira. Amuna anga anawazungulira, n'kuwagogoda ndi chala ngati munthu wosankha chivwende, nati, "Chitsulo chenicheni." Wogulitsa ananena poyera kuti swichi inafa kalekale. Kenako anawatchula amuna anga kuti "bwana injiniya," ndipo nkhani ya swichi inathera pomwepo. Makinawo sanawayatse. Anagula.

Anatinyamulira ndi mlongo wanga pa lole ya abwana ake. Anawalowetsa m'chipinda chimene ndinkasokeramo. Makina anga osokera anawatulutsira m'kolido, pafupi ndi khomo la kubafa. Kuyambira tsikulo makasitomala anga ndimawayeza m'chiuno anthu akudutsa ndi thaulo.

Amuna anga anathira okha simenti n'kumangirira mwendo wa makina pansi. Simenti itauma, makina anapezeka atapendekera kuzenera. Iwo anati chopendekeka ndi nyumba.

M'chipindamo mulibe soketi, chifukwa makina anga ndi opalasa ndi phazi. Iwo anatenga msomali ndi hamala n'kuboola khoma mpaka kutulukira pabalaza. Limenelo ndilo linali bowo loyamba la kampani, ndipo makina sanalikhudze. Anadutsitsapo chingwe cha magetsi n'kuchilumikiza ku soketi ya kuseri kwa sofa. Poti swichi ya makina ndi yakufa, kuyatsa ndi kuthimitsa kunkachitikira pabalaza. Iwo ankakuwa ali m'chipinda kuti, "Yatsani!" kapena "Thimitsani!" ndipo ine ndinkasiya zosoka, kukasuntha sofa, kudina, kenako kubwezera sofa m'malo mwake. Kubwezerako linali lamulo: anati pabalaza pa mwini kampani sipakhala pobalalika. Anandipatsa udindo wa woyang'anira magetsi. Pa geti anapachika chikwangwani.

Kasitomala sanabwere. Anaboola chivindikiro cha ndowa, msana wa mpando, malamba awo onse a thalauza, ndi sefa yomwe inali kale ndi mabowo ake. Ntchito yonseyi ankaigwira atavala shati yoyera ndi tayi. Nditafunsa za tayiyo anati, "Kasitomala akalowa adziwe msanga kuti mwini kampani ndi uti." M'chipindamo munalibe munthu wina woti kasitomala n'kuwasokoneza naye.

Lachiwiri lapitali masana, mlongo wanga anabwera ndi kachitsulo kogwira galasi la lole, kofunika bowo latsopano. Ku galaja akanamuboolera ali chiimire, koma ine ndinamupempha kuti abwere nako kunyumba, alamu ake aoneko nkhope ya kasitomala. Amuna anga atamva, analowa kuchipinda chogona n'kutuluka atavala tayi yofiira, yaitali ija anawapatsa pa phwando lowatsanzika ku ofesi. Magalasi owerengera anawasiya patebulo. Anati amawakalambitsa pamaso pa makasitomala.

Anakuwa kuti, "Yatsani!" Ndinayatsa, ndinabwezera sofa, n'kukakhala pa makina anga m'kolido. Chitseko cha chipindacho chinali chotsegula, ndipo ndinkawaona onse awiri bwinobwino. Mlongo wanga anali ataima kumbuyo kwawo, manja m'matumba. Amuna anga sankachiona chizindikiro chimene anali atalemba pa kachitsuloko, ndiye anawerama, n'kuweramanso. Nsonga ya tayi inakhudza koboolera. Makina anaikulunga ngati ulusi pa bobini, ndipo chibwano cha amuna anga chinakagunda kathebulo. Anatulutsa mawu ngati a mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi. Lamba wa makinawo ndi wakutha, ankangoterereka mota ikulira. Akanakhala watsopano, bwenzi lero mukulemba umboni wa maliro.

Mlongo wanga anakuwa kuti, "Alamu! Alamu!" Anawakoleka mkono pakhosi kuchokera kumbuyo, n'kuponda mwendo wa makina, n'kuyamba kukoka. Makina akukokera uku, iye akukokera uko, khosi lili limodzi. Mlongo wanga mphamvu anapatsidwa zokwanira. Tsiku logawa nzeru anali pa ulendo ndi lole.

Ndinathamangira pabalaza, ndinasuntha sofa, n'kuzula chingwe. Ndinabwerera ndi sizasi yanga yodulira nsalu n'kudula tayi pansi pa mfundo. Onse awiri anagwa chagada mpaka m'kolido, mlongo wanga pansi, amuna anga pamwamba, mkono ukadali pakhosi.

Nthawi yomweyo analowa mayi woyandikana nafe nyumba, amene timawatcha a Wailesi. Sanaodire, saodira. Anaona amuna anga lilime lili panja, mlongo wanga atawakoleka, ine sizasi ili m'manja. Anatuluka akukuwa kuti, "Akupha bambo a kampani! Bwerani, akupha bambo a kampani!"

Mpweya utabwerera, mawu oyamba a amuna anga anali akuti, "Tsekani wekishopu." Anadzuka, anakhoma okha chitseko cha chipinda cha makinawo, kiyi n'kuponya m'thumba. Anthu anali atadzaza pakhonde. Bambo wina wometa tsitsi anafunsa kuti, "Si makina aja amenewa, bwana?" Amuna anga anakonza kolala, mfundo ya tayi ikadali pakhosi ngati belu la ng'ombe, nati, "Makina anga alibe vuto. Munthu uyu akuchitira nsanje kampani yanga." Analoza mlongo wanga. Mlongo wanga anaseka, poyesa kuti alamu ake akucheza.

Amuna anga anapita kuchipatala, kuchoka uko anabwera kuno kupolisi. Mlongo wanga munakamutenga ku ntchito tsiku lomwelo. Abwana ake anena kuti lole siingakhale chiimire kudikira munthu wa m'chitokosi, ndipo sabata ikatha alemba dalaivala wina. Mlongo wangayo ali ndi mkazi ndi ana.

Kunyumba ndinawafunsa kuti, "Bambo, mwamangitsa munthu amene amakupulumutsani?" Anati, "Amayi, inu za bizinesi simuzidziwa. Zikamveka kuti makina anagwira mwini wake, abweranso ndani pano? Agone kaye pang'ono, ndikachotsa mlandu mwaulemu, anthu aone kuti ndine wokhululuka." Ndinafunsa kuti amene ankabwera kale ndi ndani. Anapempha madzi ofunda ndi kansalu kothowera khosi.

Wapolisi wandifunsa ngati awiriwa anakanganapo m'mbuyomu. Anakanganapo kamodzi, za mpira wa pa wailesi, ndipo onse awiri ankachemerera timu imodzi. Wandifunsanso za zipsera za pakhosi. Mzere wopyapyala wozungulira ndi wa tayi. Chotupa cha pansi pa khutu ndi cha mkono wa mlongo wanga, zimenezo sindikukana. Chibwano ndi cha kathebulo. Mfundo ya tayi ndinaitola m'bini ya kubafa ndipo ndaipereka kwa wapolisi. Mbali inayo ikadali yokulungika pa makina, m'chipinda chokhomacho. Kiyi amagona naye m'thumba la shati.

Wandifunsanso ngati ndikudziwa kuti umboniwu ukutsutsana ndi wa amuna anga. Ndikudziwa. Lero m'mawa atandiona ndikuvala nsapato anati, "Mukakanena za tayi, musabwererenso pakhomo pano." Chikwama changa cha zovala chili pansi pa benchi ya panjapo, ndipo ndikhala pa benchiyo mpaka mlongo wanga atuluke. Pamene ndimatseka geti, ananditsatira opanda nsapato n'kundifunsa komwe timasunga machesi.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo palibe choti achotsemo.

Wopereka umboni: ______________________

Wapolisi wolemba: ______________________