Ndinatsekera Foni ya Mwana Wanga M'sutikesi

Aulutsi, ndiwerengereni kalatayi chifukwa nkhaniyi ikundidya mumtima. Ndine mayi wa ku Mphunzi kuno ku Dedza. Mwana wanga wamkazi akuphunzira za makompyuta ku yunivesite. Atabwera ku holide, m'mawa uliwonse ankakwera phiri ndi foni yake, ati netiweki imagwira kumeneko kokha. Amayi anzanga pa mjigo anayamba kunong'ona kuti amakakumana ndi mwamuna. Manyazi atandigwira, ndinalanda foniyo n'kuitsekera m'sutikesi sabata yathunthu.

"Amayi, zakusukulu amalengeza pafoni pomwepo," anandichonderera. Ine osamva.

Tsiku limene ndinamubwezera, anakwera phiri lija n'kupeza uthenga pafonipo. Aphunzitsi ake anali atamusankha kuti akaphunzire ntchito pa kampani ina mumzinda, koma ankayenera kuyankha pasanathe masiku atatu. Malo ake anapatsa wina.

Sanandikalipire. Anangoti, "Basi amayi, zachitika," n'kutenga khasu kupita kudimba.

Ndikanadziwa kopita ndikanakagwada, koma ndikagwadira ndani? Ngakhale uthengawo sinditha kuuwerenga. Amayi a pa mjigo aja akungotunga madzi awo bwinobwino.