Kamera yodulidwa m'paipi ya zimbudzi ku Shikoswe

Ine, Beatrice Hamoonga, wa zaka 34, wokhala ku Shikoswe muno mu Kafue, wogulitsa nsomba pamsika, ndikunena izi:

Ndimachita lendi chipinda pa yadi ya ba Ferdinand Njobvu. Payadipo pali chitsime chimene tonse timatungapo. Mwezi watha madzi ake anayamba kununkha. Nditawauza ba Ferdinand anati ndi mvula chabe. Lolemba mwana wanga Elina, wa zaka zinayi, anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, ndipo anamugoneka kuchipatala. Lachiwiri ndinakadandaula kukampani ya madzi.

Lachinayi cha m'ma 10 koloko m'mawa ndinachoka kuchipatala kukatenga zovala za mwana kunyumba. Potuluka pageti ndinapeza galimoto ya kampaniyo. Mayi wina wovala ovolosi, amene anati ndi Rachael, anali atatsegula dzenje la paipi ya zimbudzi mumsewu. Analowetsamo kamera yaing'ono ya nyali, yomangidwa ku chingwe chachitali, n'kumaona m'kati mwa paipi pa sikirini imene inali m'bokosi. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, zovala zili m'manja.

Poyamba munkaoneka madzi akuda okhaokha. Kenako panaoneka bowo m'mbali mwa paipi, ndi kapaipi koyera kongolowetsedwa pabowopo popanda kumata. Zoipa zinkatulukira m'mphepete mwake n'kumalowa m'dothi. Ba Rachael anatenga kachipangizo kena kolira, n'kuyenda nako pamwamba kufuna pamene kamera yaima. Kanalira kwambiri kuseri kwa zimbudzi zatsopano zimene ba Ferdinand anamanga chaka chatha, mamita ngati atatu kuchoka pachitsime. Ba Rachael anandiuza kuti, "Amai, aya manzi musamwe, olo kusukila mbale."

Ba Ferdinand anatuluka m'nyumba atanyamula khasu. Anati, "Nindani wakuitanani pa yadi panga?" Ba Rachael anayankha kuti paipi yaikulu ndi ya kampani. Ba Ferdinand sanamve, anathamangira kumsewu n'kudula chingwe cha kamera ndi khasulo. Ba Rachael atawagwira dzanja, ba Ferdinand anawakankha, ndipo ba Rachael anagwera pamlomo wa dzenje n'kuchekeka pachipumi. Dalaivala wa kampani anakweza ba Rachael m'galimoto pamodzi ndi bokosi lija. Kamera inatsala m'paipi.

Kenako ba Ferdinand anandiloza ndi khasu n'kunena kuti, "Ndiwe waleta aba bantu. Uchoke pano lelo."

Ndinavundikira chitsime ndi lata, ndinaikapo mwala, ndinagogoda zipinda zonse kuuza anzanga, kenako ndinabwerera kuchipatala. Katundu wanga ndamusungitsa kwa mnzanga kumsika. Ndikugona pansi pafupi ndi bedi la mwana, amene akadali pa dilipi.

M'mawa uno, ndikubwera kuno kudzapereka umboniwu, ndinadutsa payadipo. Lata lija ndinalipeza litatsamizidwa kukhoma, ndipo ana awiri a m'zipinda zina anali kutunga.

Zimene ndikudziwa pa nkhaniyi zathera pamenepa.

Wosaina: Beatrice Hamoonga ____________